Nyumba imodzi, malamulo atatu

Moni abale anga kulikonse komwe mukundimvera. Ndikulankhula kuchokera ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, komwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Lero sindikamba za ife. Ndikamba za anzathu a ku Mexico, poti nkhani ya mapepala okhalira m'dziko muno yomwe imatisowetsa tulo, iwowa inawagawa pakati m'nyumba mwawo momwe.

Pali mayi ena omwe ndimagwira nawo shifiti yausiku. Iwo ndi amuna awo alibe mapepala. Mwana wawo woyamba anabwera kuno ali kumsana, ndiye ali pa DACA, ndondomeko yomwe Obama anayambitsa mu 2012. Ntchito amaloledwa kugwira, koma pakatha zaka ziwiri zilizonse amakapemphanso chilolezo, ndipo unzika alibe. Chitsirizira, mtsikana, anabadwira konkuno, choncho ndi nzika.

Indiana sapereka laisensi yoyendetsera galimoto kwa munthu wopanda mapepala, pomwe Illinois, pafupi pomwepa, amapereka. Ndiye bambowo asanalize galimoto m'mawa amayamba aizungulira, kuona ngati magetsi onse akuyaka. Babu limodzi lakufa ndi lokwanira kuti apolisi awaimitse, mapeto ake nkhani n'kukafika kwa a ICE, omwe amagwira ndi kuthamangitsa anthu opanda mapepala. Mtsikana uja atangotenga laisensi anasanduka dalaivala wa banja lonse. Womasulira kuchipatala ndi iyeyo, wowerenga makalata a boma ndi iyeyonso. Ine ndimati mwanayu anamukulitsa msanga.

Musaganize kuti makolowa sakhoma msonkho. Amakhoma chaka ndi chaka, ndi nambala yotchedwa ITIN.

Mwina wina akuti, mwanayo akakwanitsa zaka 21 adzawalembetsa makolo ake kuti apeze mapepala. Lamulo limaloladi. Koma amene analowa mozemba pamalire amayenera kutuluka kukafunsira kwawo, ndipo akangotuluka, lamulo la 1996 limawatsekera kunja zaka 10. Angayerekeze ndani?

Chomwe chinandibaya mtima ndi maliro. Amayi awo a mnzangayu atamwalira ku Michoacán, kwawo ku Mexico, iwo anaonera mwambo wonse pa WhatsApp, foni itatsamira kapu ya khofi m'chipinda chomwe timapumira, kenako n'kubwerera pantchito. Yemwe anakwera ndege kukaika agogo ake anali mtsikana uja, yekhayo wotha kupita ndi kubwerera osapempha munthu. Agogowo anali asanakumanepo nawo. Amalawi ena amene mukumveranu, ndikudziwa kuti izi si zachilendo kwa inu.

Sabata yamawa tidzakamba za mtengo wotumizira thupi kumudzi. Tsalani bwino.