Kusema zolembera za titaniyamu ku Birmingham

Moni nonse kulikonse kumene mukumvera, kaya muli m'basi kupita ku shifiti yausiku, kaya mwangodzuka kumene. Lero za viza ndi lendi tizisiye kaye, tazitafuna mokwanira. Ena mwa inu mwakhala mukufunsa kuti ndikaweruka kosamalira okalamba, masiku opuma ndimatani. Abale anga, ndimasema zolembera. Osati za mtengo ayi, za chitsulo chotchedwa titaniyamu.

Kuseli kwa nyumba imene ndikukhala kuno ku Birmingham kuli kashedi ka matabwa, ndipo m'menemo muli makina aang'ono otchedwa lathe, a mtundu wa Myford, aja ankapangidwa ku Beeston pafupi ndi Nottingham. Ndinawagula kwa mdala wina wopuma pantchito amene maso anayamba kumuvuta. Makinawa amagwira ndodo yachitsulo n'kumaizunguza, inu n'kumasendeza kampeni kuti kazipala pang'onopang'ono. Kuno makoma ali ndi makutu enieni: lamulo la za phokoso limawerenga usiku kuyambira 11 koloko mpaka 7 koloko m'mawa, ndiye makinawa ndimayatsa masana okha. M'mwezi wa Disembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko, zala zitauma gwa ndi kuzizira.

Chinandikoka n'chiyani? Mzinda uno m'zaka za m'ma 1800 unali likulu la nsonga zolembera zachitsulo. Anthu ngati Joseph Gillott ndi Josiah Mason anali ndi mafakitale otumiza nsongazo padziko lonse, ndipo m'dera lina la mzindawu lotchedwa Jewellery Quarter muli nyumba yosungirako mbiri imeneyi. Nditakaiona, manja anayamba kuyabwa.

Tsono titaniyamuyo. Anaipeza m'busa wina, William Gregor, mumchenga wa ku Cornwall mu 1791. Ndi yopepuka, pafupifupi magalamu 4.5 pamene chitsulo wamba cha kukula komweko chimafika 7.8, ndipo sichita dzimbiri ngakhale thukuta lam'manja liikhudze tsiku ndi tsiku. Ili ndi magiredi osiyanasiyana: yofewerapo ndi ya giredi 2. Ya giredi 5, yosakaniza ndi aluminiyamu magawo 6 pa 100 ndi vanadiyamu magawo 4, ndiyo ija amapangira zida za ndege, ndipo pa makina aang'ono imakhetsa thukuta.

Vuto lake ndi ili. Chitsulochi sichiyendetsa bwino kutentha, choncho moto wonse umaunjikana pansonga ya kampeni kako. Ukathamangitsa makina, kampeni kamapsa n'kubuntha nthawi yomweyo. Ndiye munthu amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuchinyengerera, kungochikhudza pang'ono mwamantha. Apo ndiye walemba m'madzi. Kampeni kakangokhula osadula, pamwamba pa titaniyamu pamalimba kuposa kale, ndipo ulendo wotsatira ukulimbana ndi chikopa chimene wachiumitsa wekha. Chofunika n'chakuti makina azizungulira modekha, koma dzanja lizikankha mosadodoma, kampeni kali kakuthwa, oyilo akudontha osaleka. Mabuku amanena zimenezi m'mzere umodzi, koma dzanja limatenga nthawi kuti livomere, chifukwa mtima umafuna kuchita zosiyana: kufulumira pamene pafunika kudekha, kuopa pamene pafunika kulimba.

Pomwe pamakulira nkhani ndi pobowola. Kachubu ka inki ka mtundu wa Parker n'kotalika pafupifupi mamilimita 98, ndiye dzenje liyenera kulowa mozama m'ndodo yopyapyala osakhota. Dirilo amalowa pang'ono, umamutulutsa, kuchotsa zinyenyeswa, kuthira oyilo, kulowetsanso, mobwerezabwereza mpaka msana kuwawa. Akangolira mokhala ngati mluzu, dziwa kuti watentha, ima. N'chifukwa chake ine ndimagawa thupi la cholembera pawiri, ndibowole mbali iliyonse payokha kenako ndilumikize ndi mazinga. Mazingawonso ali ndi khalidwe lawo: titaniyamu ikakhulana ndi inzake imakonda kumatirirana, choncho kamafuta pang'ono sikasowa pamenepo.

Za moto ndinene mosapsatira, makamaka kwa inu amene mukufuna kuyesa. Ndodo yathunthu siyaka wambawamba, koma zinyenyeswa zopyapyala zija zimagwira moto woyera wothobwa m'maso, ndipo kuthira madzi n'kuusonkhezera. Khalani ndi chidebe cha mchenga wouma pafupi kapena chozimira moto wa zitsulo, ndipo muzisesa kawirikawiri. M'kashedi ka matabwa ka eni ake, imeneyi si nkhani yoseka.

Chosangalatsa chimabwera kumapeto. Utoto supakidwa konse. Umaviika cholembera m'madzi osungunuliramo soda, n'kudutsitsamo magetsi, ndipo pamwamba pake pamamera kakhungu kopyapyala kwambiri kamene kamasewera ndi kuwala. Mphamvu yamagetsi ikakhala yochepa umapeza mtundu wa mkuwa ndi wofiirira, cha m'ma volt 25 umabwera wobiriwira ngati mtambo, ukakweza ndithu umafika wagolide, pinki, kenako wamsipu. Wofiira weniweni sutuluka, usadzivutitse. Ndipo chala chimodzi chamafuta chikakhudza usanaviike, chidindo chake chimaonekera poyera.

Mnzanga wina wakuntchito anati bwanji osangogula bolopeni m'sitolo. Akunena zoona, yolemba ndi inki yomweyo. Koma ntchito yathu kuno ndi ya wotchi: mphindi zakuti nyumba iyi, mphindi zakuti nyumba inayo, foni ikukuwerengera. M'kashedi muja wolamula liwiro ndi chitsulo, ndipo ine ulamuliro umenewo ndimaugonjera mosanyinyirika.

Sabata yamawa tikamba za kapani kokolekera cholembera m'thumba la malaya, kamene sikasemedwa pa lathe ndipo kamandidyera nthawi kuposa thupi lonse. Mafunso anu pitirizani kutumiza. Tsalani bwino.