Bwato anasemera msodzi, osati aulendo

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Za Loweruka lapitali nonse mwamva. Ana athu a kwaya anapita ku Senga Bay kukapitidwa mphepo, anayi mwa iwo n'kukankhira m'madzi bwato lomwe analipeza pamchenga, mwini wake kulibe. Wina anaimirira kuti anzake amujambule pa foni, bwato n'kugubuduka pomwepo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Mwayi wake panali pafupi ndi gombe, ndipo asodzi amene ankasoka ukonde anawavuula onse amoyo. Ndiye a mfumu anandiuza kuti inu munakulira ku Nkhotakota, tawafotokozereni anthuwa za bwato, poti kuno ku Kawale ambiri nyanja timangoidziwira pa usipa wa mumsika.

Mawu anga ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane. Bwato anasemera msodzi ndi nsomba zake. Sanasemere aulendo.

Tiyambire kumtengo. Bwato ndi thunthu limodzi, palibe cholumikiza. Kale mmisiri ankasankha mlombwa, mbawa, mtondo kapena chonya wa m'mbali mwa mitsinje, mitengo yosaola msanga m'madzi. Ankaugwetsa kuphiri, n'kuyamba kuugoba konko ndi nkhwangwa ndi nsompho kuti upepuke, kenako amuna a m'mudzi n'kuukoka ndi zingwe mpaka kugombe, nyimbo ili pakamwa, mowa ukudikira kunyumba. Agogo anga ankasema. Ndinkawaona akugogoda m'mbali mwa bwato ndi chala, khutu atagunditsa pamtengo, kumvetsera ngati pakadali pochindikala. Pansi ankasiya pokhuthala dala kuti kulemera kukhale m'munsi. M'mbali ndimo ankapala kwambiri.

Tsono chimene ndikufuna muonetsetse mukadzapitanso ndi kukamwa kwake. Bwato la kunyanja yathu silikhala lotseguka pamwamba ponse ayi. Milomo yake imapindikira mkati, mpata n'kungotsala wolowa miyendo, mwina umodzi kutsogolo wina kumbuyo. Msodzi sakhala pansi m'katimo, amakhala pamwamba pa milomoyo. Anachitiranji zimenezi? Mafunde. Funde likamenya, madzi ambiri amatsetsereka pamlomopo n'kubwerera m'nyanja, ndipo kampango amene wamuponya mkati sangalumphe n'kuthawa. Nzeru zimenezo. Koma kunsi kwake n'kobulungira monga mtengo unabadwira, kulibe choligwira kuti lisapendekeke. Chimene chimaliimika ndi chiuno cha wopalasa ndi nkhafi yake. Zili ngati njinga ya kabaza: imaima chifukwa cha wopalasayo, iye akachoka yagwa. Mwana wa kugombe amayamba kuphunzira chiuno chimenechi asanalowe ndi sukulu yomwe, pa kachipika kosewerera. Ndiye iwe wa ku Kawale, wavala jinzi yothina ndi nsapato, ukaimirire mmenemo? Bwato anasemera msodzi, abale anga.

Komanso mabwato a masiku ano si aja a agogo. Mitengo ikuluikulu inatha. Pano akusema mango, bulugamu, chilichonse chimene chapezeka, ndipo amatuluka ang'onoang'ono, osachedwa kung'aluka. Mukayang'ana bwino mupeza zigamba za malata ndi za zigubu zodula, atakhomera misomali n'kumata phula. Mwini wake amadziwa pamene pakudontha ndipo amayenda ndi chokapira madzi. Inu simudziwa. Apa tisaloze chala asodzi okha. Makala amene timagula panjinga m'mawa uliwonse aja, kaya achokera ku Dzalanyama kaya kuti, inali mitengo imeneyo. Ndangodutsamo, musandikwiyire.

Eya, amayi, nenani.

(Mayi wina: Nanga ife ogula usipa timakwera boti la matabwa, la injini. Limenelonso mukuti n'loopsa?)

Mwafunsa bwino mayi, khalani pansi ndikuyankheni, chifukwa ambiri muno bizinesi yanu ndi yomweyo. Boti la matabwa lili ndi mbiri yakeyake. Kwathu ku Nkhotakota zombo za matabwa zinabwera ndi Jumbe, Salim bin Abdullah, cha m'ma 1840. Zinali zoyendera thanga, ndipo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita tsidya la kum'mawa. Mbiri yowawa, koma luso lokhoma matabwa linafika motero. Sitima ya nthunzi yoyamba, Ilala ya amishoni, inalowa m'nyanja mu 1875, ndipo Ilala imene mukuidziwayi inayamba kuyenda mu 1951. Koma msodzi wamba anakhalabe ndi bwato lake. Maboti a asodziwa anafala pambuyo pake, a nthambi ya za nsomba atayamba kuphunzitsa amisiri, monga ku Mpwepwe ku Mangochi.

Kakhomedwe kake n'kosiyana. Amayamba ndi msana pansi, n'kuimika nthiti, n'kukhomerapo matabwa, m'mipata n'kutsekamo thonje kapena nsanza, kenako utoto. Ndi lotakata, choncho siligubuduka wamba ngati bwato. Pamenepo mwalondola mayi. Koma pamwamba pake ndi pululu, palibe milomo yotchinga funde. Mdani wake ndi katundu. Ambiri mwa maboti amenewa anawakhomera chilimira, kutanthauza ukonde ndi anyamata ngati khumi okoka, msodzi wina wotchedwa siginala ali patsogolo m'kabwato kake ndi nyali zoitanira usipa. Tsono masana boti lomwelo mwalisandutsa minibasi: anthu makumi atatu, madengu, matumba a ufa, njinga pamwamba. Likamira m'madzi mpaka kungotsala chikhatho chimodzi kuti madzi afike pamlomo, funde limodzi lokha likwanira. Mukukumbuka za ku Mlowe ku Rumphi pa Isitala ya 2017? Anali anthu ochokera kumapemphero, boti litadzaza, mphepo n'kuwapeza panjira. Anthu anatsikira kuli chete tsiku limenelo.

Ndipo mphepo ya kunyanja ili ndi nyengo zake. Mwera umachokera kum'mwera, umavuta kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, miyezi yomweyi ife kuno timavala majuzi. Nthawi ya dzinja kuli mpoto, wobwera mwadzidzidzi ndi mvula. M'mawa nyanja imatha kukhala bata ngati yagona, pofika masana yasanduka ina. Injini ikazima pakati pa mwera, boti limatembenukira m'mbali, mafunde n'kumalimenya m'nthiti. N'chifukwa chake boti lopanda nkhafi mkati ine sindikwera, ngakhale injini ikhale yatsopano. Ndiye yankho langa mayi ndi lakuti boti ndi labwinopo, koma nalonso analikhomera asodzi ndi ukonde wawo. Mukaona asodzi eni ake akokera mabwato kumtunda n'kukhala pansi kumasewera bawo, inu musakakamire kuti usipa ukwera mtengo mawa. Ana anu akufuna inuyo kuposa dengu.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana kumsewu, ndipo dzuwa lapendeka. Ndithamange.

Musalowe m'bwato mwini wake palibe. Mukalowa khalani pamene wakuuzani, osaimirira, osasinthana malo, foni m'thumba. Akati ladzaza, ladzaza, musamunyengerere ndi ndalama. Yang'anani zigamba, chokapira ndi nkhafi musanakwere. Funsani jekete loyandamitsa, makamaka la ana, ndipo ngati palibe ana atsale. Mowa ayi, pachilumba cha Mbenji ku Salima asodzi eni ake saloledwa kupita ndi mowa, nanga inu ndinu yani? Likagubuduka gwirani bwatolo, mtengo sumira msanga, osayamba kusambira kulondola kumtunda chifukwa pamadzi mtunda umanamiza. Nyanja imeneyi malo ena ndi yakuya mamita 700, si Lingadzi ayi. Ndipo inu a kwaya, a sukulu, a mabanki a m'mudzi, ulendo wa kunyanja uzikhala ndi wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuwerenga ana basi, osati kuotcha nyama.

Bwato anasemera msodzi. Mwamva kumbuyoko? A mfumu, ndabweza kwa inu, paja pali nkhani ya mjigo ija.