Ntchentche zabwerera: Doom kapena msampha wa botolo?

Moni nonse amayi anzanga a pagulu lathuli, mwaswera bwanji? Pepani voice note iyi italika pang'ono, mukhoza kumamvera uku mukutsuka mbale. Achemwali athu a ku Diepsloot dzana anafunsa kuti ntchentche zawasowetsa mtendere, Doom akumugula sabata iliyonse koma sizikutha. Ine ndimagulitsa nsima ndi nsomba kuno ku Yeoville, ndiye nkhani ya ntchentche ndimakhala nayo tsiku lililonse.

Kuno ku Joni mvula ikangoyamba mu Okutobala, mpaka cha mu Malichi, mukudziwa mmene zimakhalira. M'mawa dzuwa lang'alang'a, masana mabingu ndi chimvula, kenako nthaka ikutulutsa nthunzi. Chinyezi chake sichifika cha ku Durban kapena cha kwathu ku Nsanje, komabe ntchentche chimazikwanira. Yaikazi imodzi imaikira mazira pafupifupi 100 nthawi imodzi, ndipo imabwereza kangapo. Mazirawo tsiku limodzi lokha asanduka mphutsi. Kukamatentha chonchi, pakangodutsa masiku 7 mpaka 10 mphutsi zija ndi ntchentche zouluka. Ndiye taganizani: galimoto ya Pikitup imatenga zinyalala kamodzi pa sabata. Mukataya matumbo a nsomba m'bini tsiku lomwe galimoto yangodutsa, mwazipatsa sabata yathunthu yoti ziswane mosatekeseka.

Apa ndi pamene Doom amalepherera. Amapha zimene zikuuluka m'chipinda nthawi imeneyo basi. Mphutsi zili phee pansi pa bini, mawa zina zatuluka. Komanso ntchentche zimazolowera mankhwala. Zimene zapulumuka ndi zomwe zimabereka, ana ake n'kukhala olimba kuposa makolo. Mumangoona kuti chaka chino mukupopera kwambiri koma zikufa zochepa.

Ndiye yambani ndi bini. Zonse zonyowa, kaya mamba a nsomba, makoko a nthochi, matewera a mwana, mangani m'pulasitiki musanataye. Ine matumbo a nsomba ndimawasunga mufiriji m'kathumba komanga bwino, n'kukataya m'mawa wa tsiku la galimoto. Bini akakhuthulidwa, thiranimo madzi owira, tsukani ndi Jik pang'ono, muumitse padzuwa, chivundikiro chizitsekeka. Amene muli ndi chimbudzi chokumba, vundikirani pabowo ndipo muzithiramo phulusa monga timachitira kumudzi. Ntchentche yochokera kuchimbudzi ndi yomwe ikutera pa nsima ya mwana, ndipotu ikatera imalavulira malovu pachakudyapo kuti chisungunuke iyamwe. Kutsegula m'mimba, kamwazi, ngakhale kolera, zimatha kuyenda njira imeneyo.

Tsopano msampha, mvetserani bwino. Tengani botolo la pulasitiki la malita 2, la zakumwa zoziziritsa kukhosi lija. Chotsani chitsekerero. Dulani ndi mpeni mozungulira, pamene botolo layamba kuwongoka kuchokera kukhosi. Chidutswa chapamwambacho chitembenuzeni, kamwa iloze pansi, n'kuchilowetsa m'chidutswa chinacho ngati fanulo yothirira parafini. Matani m'mbali ndi tepi pasakhale mpata. Boolani timabowo tiwiri m'mphepete, mudutsitsemo waya wopachikira.

Nyambo yake ndi iyi: madzi ofunda kapu imodzi kapena ziwiri, shuga masipuni awiri, ndi kanthu konunkha, mutu wa nsomba kapena kachidutswa ka nyama yaiwisi. Usipa wonyika m'madzi umagwiranso. Musaike shuga yekha, muitana njuchi. Onjezani dontho limodzi la sopo wotsukira mbale kuti ikagwera m'madzi imire msanga. Madzi asafike pakamwa pa fanulo paja, siyani mpata wa zala zitatu. Ntchentche imatsata fungo n'kulowa pabowo. Ikafuna kutuluka imathamangira m'mbali momwe mukuwala, bowo lija osalipezanso.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pomwe amaupachika. Msamphawu ntchito yake ndi kuitana ntchentche, ndiye mukaupachika pakhomo la khitchini mwaziitanira m'nyumba. Upachikeni kutali ndi khomo, mapazi khumi kapena kuposerapo ngati bwalo likulola, cha kumene kuli bini, pamalo owomba dzuwa kuti fungo lituluke. Tsiku loyamba mwina simuona kanthu, musautaye. Nyambo ikayamba kuvunda, tsiku lachitatu mupeza pansi pa botolo pali bii. Wanga woyamba ndinaumangirira pa mpanda wa kuseri, ndipo Loweruka lake ndinapeza ntchentche zaunjikana mpaka madzi osaoneka, zina zobiriwira zonyezimira zija zikungozungulira mkati. Ukadzaza thiranimo madzi owira kaye, chifukwa zina zimaikira mazira momwemo, kenako mangani m'pulasitiki mutaye. Amene mulibe nthawi yodula mabotolo, m'ma hardware amagulitsa msampha wa Redtop, nyambo yake mumangosakaniza ndi madzi. Nawonso ndi wa panja.

Amene mukukhala m'mafulati a ku Hillbrow, opanda bwalo, msampha wonunkhawu si wanu. Gulani mapepala omata aja, mupachike pafupi ndi zenera koma osati pamwamba pa poto. Neti yakale ya udzudzu idulani mukhome pazenera, mphepo izilowa ntchentche zizitsala kunja. Chakudya chizikhala chovundikira nthawi zonse.

Sindikunena kuti kupopera n'koletsedwa. Tsiku lina zalowa zambiri, poperani. Koma tulutsani ana, vundikirani chakudya, mbale ndi ndowa ya madzi akumwa, zimitsani chitofu ndi kandulo chifukwa mankhwalawo amayaka moto. Tsekani chitseko, mudikire monga zalembedwera pachitini, kenako tsegulani mazenera musanalowe. Ngati m'nyumba muli wa mphumu kapena khanda, ine ndingati lekani.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse ndi ichi: mankhwala a mumsewu, ogulitsa m'timapepala ndi m'mabotolo opanda dzina pa ma taxi rank, asalowe m'nyumba mwanu. Mukukumbuka mu Okutobala 2024, ana 6 anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo a boma anapeza kuti ndi terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagula mumsewu kuti aphere makoswe. Ena amathira zoterezi m'mbale ya shuga kuti aphe ntchentche. Chipinda chimodzi, mwana akukwawa, mbale ili pansi. Mwana akangomeza mankhwala alionse, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Imbani 112 kapena thamangani naye kuchipatala, mutatenga pepala kapena botolo la mankhwalawo kuti adokotala aone.

Achemwali a ku Diepsloot, sungani mabotolo awiri, Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndibwera ndi tepi ndi waya tidzadulire limodzi.