Ndakatulo Lolemba, imelo Lachinayi: uthenga wamawu kwa aphunzitsi a Chingerezi

Mwaswera bwanji aphunzitsi anzanga nonse a m'gulu lino. Ndasankha kulankhula chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndiye pezani pamalo popanda phokoso mumvetsere. Madamu amene munafunsa kuti ana a Fomu 2 muwaphunzitse bwanji kulemba imelo pomwe pasukulu palibe kompyuta, ndikuyankha inuyo, koma enanu mutolepo.

Mwana akamakanika kulemba, kawirikawiri vuto silikhala galamala. Amakhala alibe choti anene. Mukamuuza kuti alembere bwana wa kampani, iye kampaniyo sanalowemo, ndiye amangokopera za pabolodi. N'chifukwa chake ine ndimayamba ndi ndakatulo. Mwanayo apeze kaye nkhani yakeyake, kenako imelo imupatse munthu woti amuuze nkhaniyo.

Tsono Lolemba mulowe m'kalasi ndi ndakatulo yaifupi, mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu, yonena za munthu amene akufuna kusintha khalidwe lake. Ilembeni nokha, inu ndi amene mukuwadziwa ana anu. Mizere yake ikhale ngati iyi: "I used to hide at the back of the class. Now I raise my hand. I used to come when the bell had gone. Tomorrow I will beat the bell." Mwamva? M'mizere inayi yokhayi muli zakale, zalero ndi zamawa: "used to", "now", "will". Galamala yonse ya sabata imeneyo ili momwemo, ndipo simunatchule dzina la tense ngakhale imodzi.

Musayambe ndi kufunsa kuti mutu wa ndakatuloyi ndi wotani, ayi. Makope atsekedwe. Muwerenge inuyo kawiri, mokweza, mosathamanga. Kenako awerenge mzere ndi mzere wa mabenchi, akuwomba m'manja pamene mawu akugunda. Apa pofunika kudekha. M'Chichewa mawu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndiye pakamwa pa mwana "hand" amatuluka "handi", "class" amatuluka "kilasi". Kuwomba m'manja kumathandiza, chifukwa mwana amamva yekha kuti "hand" ndi kuwomba kumodzi, osati kuwiri. Za l ndi r pa mawu ngati "raise" ndi "bell" mukonzere pomwepo, kalasi yonse pamodzi, osaloza mwana mmodzi kuti anzake amuseke.

Zikatha izo, akhale awiriawiri kwa mphindi zisanu akambirane funso limodzi: ndi chinthu chanji chimodzi chimene ndikufuna kusintha temu ino? Aloleni akambirane m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'chilankhulo chilichonse chimene amaganizira. Ndikudziwa kuti ena pano simugwirizana nazo, koma ganizo likapsa kaye, Chingerezi chimabwera mosavuta. Ndipo musalandire yankho loti "I want to be a good person." Limenelo ndi lothawira. Mufunseni: wabwino pa chiyani? Mpaka anene kuti amachedwa chifukwa amayamba wapita kumjigo, kapena kuti masamu akangoyamba mtima umagunda, kapena kuti amayankha amayi ake mwamwano. Akatero alembe mizere inayi, potsata ndakatulo yanu ija.

Apa ndikupempheni ndi mtima wonse. Musakakamize mwana kuwerenga ndakatulo yake pagulu. Funsani amene akufuna. Ena amalemba zolemera: za njala kunyumba, za fizi, za bambo wina amene akumuvutitsa panjira. Mukapeza zoterezo, cholembera chofiira chiikeni pansi. Muitaneni pambali, mumvetsere, ndipo ngati ndi nkhani yofuna akuluakulu ipite kwa ahedi kapena kwa amayi a Mother Group. Pa ndakatulo sindiika malikisi. Ndimangolemba mawu amodzi osonyeza kuti ndawerenga.

Lachinayi ndiye la imelo. Jambulani bokosi lalikulu pabolodi, nawonso ajambule m'makope. Pamwamba mzere wa "To", pansi pake "Subject", kenako malo a uthenga. Pa "To" lembani adilesi yopeka, muwaonetse kuti simukhala mpata pakati, kuti chizindikiro cha @ chimawerengedwa "at", kadontho ndi "dot", ndipo chilembo chimodzi chikalakwika uthenga sufika kapena ukafika kwa munthu wina. Pa "Subject" mawu atatu kapena anayi okwana, monga "Request for extra lessons". Ana amakonda kulembapo "Hello", kapena kusiya osalemba kanthu. Auzeni kuti munthu wotanganidwa amayang'ana mzere umenewu asanaganize zotsegula.

Tsono ndakatulo ija itulutsidwe. Mwana alembere mphunzitsi wa kalasi kapena ahedi, ndipo uthenga ukhale ndi ndime zitatu zazifupi. Chiganizo choyambirira chinene chimene akulembera: "I am writing to ask for your help." Ndime yoyambayo imalize ndi momwe zinthu zinalili, apo ndiye pa "used to". Yachiwiri, chimene wayamba kuchita ndi chimene adzachite. Yachitatu, pempho limodzi lomveka: kukhala pabenchi yakutsogolo, kubwereka buku ku laibulale Lachisanu, kuthandizidwa masamu akaweruka. Mudzaona kuti amene Lolemba ankati alibe cholemba, Lachinayi cholembera chikuyenda, chifukwa nkhaniyo ndi yake.

Moni ndi kutsanzika zimayendera limodzi. "Dear Sir" kapena "Dear Madam" amatseka ndi "Yours faithfully". Mukatchula dzina la munthuyo, mutseke ndi "Yours sincerely" kapena "Kind regards". Pansi dzina lonse ndi kalasi. Zilembo za pa WhatsApp, za "u" ndi "plz", zitsale kunja.

Chenjezo limodzi lokhudza mayeso. Pa imelo sitilemba keyala pamwamba ngakhale deti, makina amaika okha. Koma a MANEB akafunsa kalata, mwana alembe kalata, ndi keyala ndi deti zake zonse. Ikani ziwirizi pabolodi moyandikana kuti aone kusiyana kwake. Tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ndiye tisawasokoneze. Komanso akamaliza sukulu, ntchito zambiri zolengezedwa m'nyuzipepala zimati tumizani kalata ndi CV pa imelo, ndipo mwana wa ku CDSS sayenera kukaiona koyamba tsiku limenelo.

Za kompyuta musadandaule, foni yanu ndi yokwana. Kalasi ilembe imelo imodzi pamodzi, muitayipe akuona, gulu ndi gulu likubwera patebulo. Muitumize kwa mnzanu wa m'gulu lino amene ali pasukulu ina, mutapangana kale kuti ayankhe tsiku lomwelo. Yankholo mukawawerengera, mpamene ana amakhulupirira kuti zimene alemba zafikadi kwa munthu.

Kuchonga, pakuti ena muli ndi ana oposa 80: asinthane makope, aliyense aone zinthu zinayi kwa mnzake, "Subject", moni, pempho ndi kutsanzika. Inu mutenge makope a mzere umodzi, sabata yamawa wina. Muyang'anitsitse "he" ndi "she", amazisakaniza kwambiri.

Madamu, yesani sabata ikubwerayi. Lachisanu mutitumizire chithunzi cha bolodi ndi makope awiri kapena atatu, mayina a ana mutawaphimba, tidzaone pamene panavuta. Amene mukufuna kukhala oyankha imelo za makalasi a anzanu, lembani dzina la sukulu yanu m'munsimu. Zikomo, tsalani bwino.