Za Kuno ku Joni: Mafuta a m'Botolo ndi Foni Yachiwiri

Moni abale anga kulikonse kumene mukumvera. Ena muli mu teksi kupita kuntchito, ena mwangoweruka ya usiku. Takulandiraninso. Lero tikamba za chipulumutso ndi kumasulidwa, ndipo ndikudziwa kuti ena ndikupondani chala.

Munthu ukatsika basi pa Park Station, sipatenga nthawi wina akupatsa kapepala: bwerani ku mapemphero a kumasulidwa, mneneri amaona zonse. Matchalitchi ake ali paliponse, m'magalaja, m'nyumba zomwe kale zinali masitolo, ku Yeoville, ku Rosettenville, ku Hillbrow. Ndipo timapitadi, chifukwa mavuto alipo. Pemiti yatha, bwana sakulipira, ukaona galimoto ya polisi mawondo amaweyeseka. Ndani sangafune pemphero?

Koma dziko lino laona zambiri. Mu 2014, m'busa Lesego Daniel anadyetsa anthu ake udzu kufupi ndi Pretoria. Mu 2016, Lethebo Rabalago ku Limpopo ankapopera anthu mankhwala ophera tizilombo a Doom kumaso, ati akuwachiritsa, mpaka khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Bungwe la CRL Rights Commission, loteteza ufulu wa zikhalidwe, zipembedzo ndi zilankhulo ku South Africa kuno, linachita kufufuza za kusandutsa chipembedzo malonda, n'kutulutsa lipoti mu 2017. Zimenezi sizinayambe lero. Pa Machitidwe 8, Simoni wamatsenga wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu Woyera, Petro n'kumuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo. Aefeso 2:8-9 amanena poyera kuti timapulumutsidwa mwa chisomo kudzera m'chikhulupiriro, ndi mphatso ya Mulungu. Ndiye kabotolo ka mafuta kokhala ndi mtengo pachivindikiro kakuchokera kuti?

Komabe aneneri ndiwasiye kaye. Chimene chikundivuta ndi ifeyo, ndi zimene timapita kukamasulidwa.

Ndili ndi mnzanga, dzina sinditchula, womanga nyumba waluso. Ali ndi mafoni awiri. Ina imakhala patebulo. Ina imakhala m'thumba la ovololo, yosalira, ndipo ikanjenjemera amadzuka, n'kutuluka kukaima pamasitepe, chitseko atatseka. Kumeneko ndiye amayankha mkazi wake wa kumudzi pa WhatsApp: "Mayi a ana, zinthu sizikuyenda kuno, mupirire." M'nyumbamo muli mayi wina akusita malaya ake. Mnzangayu wazungulira maguwa ambiri kufuna kumasulidwa kuti mapepala ake atuluke. Aneneri anamuuza kuti azakhali ake anamumanga. Anagwa pansi, anasanza, anapereka ndalama imene amaitcha mbewu. Palibe mneneri ndi mmodzi yemwe anamufunsa za foni ija.

Kunja kuno tchimo limapepuka, abale anga, chifukwa palibe akukudziwa. Ukhoza kusintha dzina, kusintha zaka, kukhala mbeta pomwe uli ndi ana anayi. Mowa wa Lachisanu umafika Lamlungu, ndalama ya fizi n'kuthera pa kubetcha mpira pa foni. Tikapita kutchalitchi timafuna Mulungu amasule pemiti, ntchito, mwayi. Zathu zamkatizi asazikhudze.

Yesu pa Yohane 8:34 ananena kuti aliyense wochita tchimo ndi kapolo wa tchimolo, ndipo pa vesi 36 akuti Mwana akakumasulani mudzakhala mfulu ndithu. Ukapolo umene akunenawo si wa mapepala. Paulo naye pa Aroma 7 akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, choipa chimene sakuchifuna ndicho amachita. Sakuloza azakhali. Akudziloza yekha, kenaka n'kuyamika Mulungu mwa Yesu Khristu kuti ndiye womulanditsa.

Musandimve molakwa, sindikukana kuti mizimu yoipa ilipo. Pa Marko 5 Yesu anamasula munthu wokhala kumanda uja, osamulipiritsa kanthu, n'kumutuma kwao kwa abale ake akafotokoze zimene Ambuye amuchitira. Koma onaninso Zakeyu pa Luka 19. Sanagwe pansi, sanathiridwe mafuta. Anaimirira n'kulonjeza kupereka theka la chuma chake kwa osauka ndi kubweza kanayi kwa aliyense amene anamubera. Pamenepo Yesu anati lero chipulumutso chafika m'nyumba muno. Sanagule chipulumutsocho ndi kubwezako ayi. Yesu anali atalowa kale m'nyumbamo, kubweza kunangotsatira.

Mnzanga uja tsopano amabwera ku kagulu kathu ka mapemphero Lachitatu, m'fulati ya mayi wina wachikulire wogwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton. Tsiku lina atawerenga 1 Yohane 1:9, za kuvomereza machimo, mayiwo anamuyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, Mulungu mwamuuza kale. Nanga mlamu wathu mumuuza liti?" Anaimbadi. Mkazi wake anadula foni, ndipo mpaka pano amangoyankha za ana basi. Mayi wa kuno uja anasamuka, nayenso ali ndi mabala ake, tisamuiwale m'mapemphero. Mapepala sanatulukebe.

Ngati muli ndi nkhani yonga iyi, kapena mukutsutsana nane, tumizani uthenga wa mawu, mayina sindidzatchula. Sabata yamawa tidzamva mbali ya amayi otsala kumudzi, mmodzi wavomera kale kulankhula.