Katapila sagula Khirisimasi: mawu kwa ogulitsa zaluso ku Mzuzu

Zikomo amayi a pampando. Monire mose! Ndiyankhula m'Chichewa kuti tonse timvane, poti pano pali a ku Nkhata Bay, a ku Karonga, enanso munachokera ku Dedza ndi mbiya zanu.

Zimene zamuonekera mchemwali wathu wa madengu ndi mikanda uja nonse mwazimva. Dzina sinditchula, ndi mnzathu. Anatenga katapila mu Novembala n'kudzaza shopu ndi ziboliboli zikuluzikulu, ati Khirisimasi ikubwera. Mwezi utatha, mwini ndalama anafika ndi anyamata awiri n'kunyamula zonse, ndi mashelefu omwe. Lero pakhomo pake pali loko. N'chifukwa chake ndaima pano: musatenge katapila pofuna kudzaza shopu mu Disembala. Ndibwerezanso, chifukwa ena mwaweramitsa mitu: musatenge katapila.

Tiuzane zoona. Alendo akunja amachuluka m'chilimwe, misewu yopita ku Nyika ndi ku Vwaza ikamayendeka. Mvula ikayamba amachepa. Ndiye inu mukukongola K100,000 yoti mubweze K150,000 pakutha pa mwezi, mukudalira mzungu amene sanakwere n'komwe ndege? Ifenso a Malawi mwezi uno ndalama zimathera ku feteleza, zina tikusungira fizi ya mu Januwale. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ulusi, mikanda, vanishi, zonse zinakwera. Galimoto ya ku Nkhata Bay, mafuta akasowa, mtengo amatchula ndi kondakitala. Zonsezi ndikuzidziwa, nanenso ndimagulitsa.

Koma ogula alipo, kungoti sitikuwayang'ana. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ana athu a ku Joni afika sabata zino, makamaka a ku Mzimba kuno, ndipo pobwerera amafuna kakunyamulira abwana awo kapena anzawo. Kuli maukwati pafupifupi Loweruka lililonse. Kuli amayi a mvano, kuli a m'maofesi amene amagawana mphatso potseka chaka, kuli ophunzira a ku Mzuni. Amenewa sagula njovu yolemera ngati thumba la chimanga. Amafuna ndolo, kachikwama ka chitenje, mipando ya mapoto, kamapu ka Malawi kokolekera makiyi, timitanda, kakhola ka Yesu kokwana m'dzanja. Zidutswa za mlombwa zimene mumasonkhera moto zija, ndi nsanza za chitenje zimene mumasesera kunja, ndiye katundu wa mwezi uno. Sizifuna ngongole.

Tsono nkhope zanuzo. Dzana ndinadutsa pa shopu ina, sindinena yake. Mwiniwake wagona pa benchi, foni kumaso, fumbi pa katundu mbuu! Ndinaima, ndinatsokomola, ndinagwiragwira dengu. Iye osadzuka, anangoti, "Zonse zakwera, mayi." Moni ayi. Kodi ndinabwera kudzapepesa maliro? Ena mukuseka, koma mukudzidziwa.

(Bambo wina kumbuyo: "Amayi, tisekerere ndani poti tsiku limatha osalowa munthu? Lendi salipira ndi mano.")

Mwafunsa bwino, bambo, ndipo sindikutsutsani, lendi salipira ndi mano. Koma tamverani. Munthu woyenda m'tauni salowa m'shopu ya zii, amaopa kuti akalowa yekha mumukakamira mpaka agule. Amalowa pamene pali anthu. Ndiye anthuwo muwapange nokha. Tulutsani mpando pakhonde, mukhale pamenepo n'kumasema, kumaluka, kumatunga mikanda anthu akuona. Mwana akaima kuti aonerere, mayi ake aimanso. Awiri akaima, wachitatu afuna kudziwa kuti kwagwanji. Sukulu zatsekera, bambo. Itanani ana asanu Loweruka m'mawa muwaphunzitse kutunga chibangili, kholo lipereke kangachepe ka mikanda, mwana apite ndi chake. Makolowo pobwera kudzatenga ana, maso amagwera pa shelefu. Wailesi iyimbe chapansipansi. Kuno ku Mzuzu mvula ikagwa kumazizira, wina akathawira pakhonde panu musamuyang'ane ngati wakuba, muuzeni alowe ausire m'kati. Sagula lero, koma ukwati wa mlongo wake ukayandikira akumbukira pomwe anamulandira. Ndipo tsiku likathadi opanda wogula, inu mwasema tinthu khumi, simunataye kanthu. Amene wataya ndi wa katapila uja, chifukwa chiwongoladzanja chake chimayenda ngakhale shopu ili yotseka. Mwamva, bambo? Musatenge katapila.

Ndikuona ena mwayamba kuyang'ana kumwamba, mitambo yadadi. Ndithamange.

Lembani mitengo pa katundu, anthu amachita manyazi kufunsa. Musagwetse mtengo chifukwa cha mantha, bola kuika kabasera, ndolo pamwamba pa chikwama. Nambala ya Airtel Money ndi Mpamba ikhale poonekera, wogula asanene kuti ndikatape kaye, sabwerera ameneyo. Jambulani katundu m'mawa kukuwala, muike pa WhatsApp, a ku Joni aoneretu asananyamuke. Madengu ndi mphasa zichoke pansi, chinyezi cha kuno chimachititsa nkhungu. Mnzanu akakhala ndi chimene inu mulibe, mulozereni wogula, mawa adzakulozerani. Mukapanikizika kwenikweni, banki mkhonde yathu ilipo, bwerani tikambirane, koma katapila ayi.

Za mchemwali wathu uja, komiti yagwirizana kuti aliyense amubwereke tinthu tiwiri titatu agulitse pa khonde la amayi a pampando mpaka Chaka Chatsopano. Alembi ali pakhomopo ndi kope, lembetsani musanatuluke. A madengu yambani ndinu, mvula yayamba kudontha ndipo katundu wanu ali panja.