Nyimbo ifunseni kwawo

Zikomo amayi, zikomo abambo. A kumbuyoko sunthirani kuno, benchi iyi ilibe munthu, mawu anga masiku ano safika patali. Sindikusungani, mtambo uli cha ku Kanengo uwo ndauona.

Chimene tasonkhanira mukuchidziwa. Sabata yatha pa WhatsApp panayenda mawu ojambula, munthu wosatchula ndi dzina lomwe akukalipa kuti nyimbo zonse za Khrisimasi nzachikunja. Ine anandipeza kanayi, kawiri kuchokera kwa munthu mmodzimodzi, ali pompano, akuyang'ana pansi. Lachitatu pophunzira nyimbo, theka la ana a kwaya silinabwere. M'mawa mwake kamtsikana kena kanandipeza pogula madzi, ndowa ili pamutu, nkuti, "Agogo, amayi akuti tikaimba za Betelehemu tikapsa." Mwana wa Sitandade 4 ameneyo! Kunong'ona ngati akuulula za ufiti.

Mantha anuwo sindikuwaseka. Koma tandiuzani, mnyamata akabwera kudzafunsira mbeta, mumamuthamangitsira pachipata? Ayi. Mumamupatsa mwana tsiku lomwelo? Ayinso. Mumafunsa kwawo nkuti, amalume ake ndani. Nyimbonso ifunseni kwawo. Ikakulozerani m'Buku, ilandireni. Ikayamba chibwibwi, ikhale panja. Ifunseni kwawo.

Kuimba pa kubadwa kwa Yesu sanayambitse ndi azungu. Tsegulani Luka, mutu 1 ndi mutu 2, mupezamo nyimbo zinayi. Mariya akuimba kwa Elizabeti, 1:46 mpaka 55, kuti Mulungu watsitsa amphamvu pamipando yawo, wakweza onyozeka, anjala wawakhutitsa. Ndipo naye Mariya nyimbo yake ili ndi kwawo, mukawerenge ya Hana pa 1 Samueli 2, muona kuti ndi mwana ndi mayi ake. Zekariya, amene anakhala miyezi yonse ija osalankhula, pakamwa patangotseguka anayamba nkutamanda. Angelo pa 2:14. Ndiye nkhalamba Simeoni m'Kachisi, khanda lili m'manja. Amene akuti kuimba za kubadwaku nkwachikunja ayambe wakangana ndi Luka, akatha abwere kwa ine.

Tsopano tibwere ku zimene timaimba ife, zina zili m'Nyimbo za Mulungu, zina ana amaziimba m'Chingerezi kusukulu.

Ija ya chimwemwe, imene m'Chingerezi amati Joy to the World. Analemba Isaac Watts, m'busa wa ku England, inatuluka mu 1719. Ndinadabwa nditazindikira kuti mulibe khola, mulibe abusa a nkhosa, mulibe nyenyezi, ngakhale Mariya mulibe. Ndi Salimo 98 lovekedwa malaya ena. Salimo lija limati dziko lonse lifuule kwa Yehova, nyanja ikokome, mitsinje iombe m'manja, mapiri aimbe, chifukwa akubwera kudzaweruza dziko mwachilungamo. Watts analiwerenga nati, amene akubwerayo ndi Khristu. Muli ndime ina imene makwaya ambiri amaidumpha, yonena za minga, kuti isamerenso m'nthaka, madalitso afike paliponse pamene temberero linafika. Kwawo kwa ndime imeneyo ndi Genesis 3:17 ndi 18, pamene Adamu anauzidwa kuti nthaka yatembereredwa, idzamubalira minga ndi mitula. Inu amene mwabzala ndi mvula yoyamba ija, amene mumadziwa mmene kaufiti amafooketsera chimanga mpaka kukhala ngati anyezi, ndime imeneyi ndi yanu kuposa mzungu wa ku London. Kwaya, chaka chino musaidumphe.

Ina ija ya angelo olengeza, Hark the Herald Angels Sing, ndi ya Charles Wesley, 1739, mng'ono wake wa John Wesley wa Methodist. Imeneyo ukaifinya imatuluka mavesi okhaokha. Mtendere pansi pano, Luka 2:14. Mawu anasandulika thupi, Yohane 1:14. Kalonga wa Mtendere, Yesaya 9:6. Ndiye muli mawu akuti Dzuwa la Chilungamo. Munthu wa mantha akamva dzuwa amalumpha, nkumati mwaona, akupembedza dzuwa. Pepani, mawu amenewo ndi a mneneri Malaki, 4:2, kuti kwa oopa dzina la Mulungu lidzatuluka dzuwa la chilungamo, machiritso ali m'mapiko ake. Mukanaifunsa kwawo ikanakuuzani yokha.

Ya usiku wachete ija, Silent Night, inaimbidwa koyamba pa 24 Disembala 1818 m'kamudzi ka Oberndorf ku Austria. Mawu analemba wansembe Joseph Mohr, maimbidwe anapeka mphunzitsi Franz Gruber, ndipo anaimba ndi gitala. Gitala! Akuluampingo anzanga amene munandikwiyira chaka chatha anyamata atalowa ndi gitala m'tchalitchi, mwamva?

(Bambo wina akweza dzanja: "Aphunzitsi, zonsezo tamva. Koma 25 Disembala ili pa vesi iti? Nanga mafumu atatu amene ana athu amavala zipewa zamakatoni aja, alembedwa pati?")

Khalani pansi achimwene, mwafunsa bwino, ndipo sindikuzembani. Tsikulo m'Baibulo mulibe. Mateyu sanalembe, Luka sanalembe. Umboni wakale wolembedwa umaonetsa Akhristu a ku Roma akukumbukira kubadwaku pa 25 Disembala cha m'ma 336. Mpaka lero abale athu a Orthodox ku Ethiopia amachita pa 7 Januwale, a ku Armenia pa 6 Januwale. Ndiye tsiku anasankha ndi anthu, zimenezo nzoona. Koma mayi anga ine sankadziwa tsiku lawo lobadwa, ankangoti chaka cha dzombe. Pokalembetsa chitupa tinawasankhira tsiku. Kodi pamenepo anasiya kukhala obadwa? Nyimbozi sizinena kuti anabadwa pa 25, zimati anabadwa. Mukafuna kaimbeni mu Juni, simuchimwa.

Za mafumu ndiye mwagwira penipeni. Mateyu 2 amati anzeru a kum'mawa. Sanena kuti mafumu, sanena kuti atatu. Chitatucho anthu anawerenga mphatso: golide, lubani ndi mure. Ufumuwo anautenga ku Salimo 72:10 ndi 11, pamene pamati mafumu a ku Seba adzabwera ndi mphatso nadzamugwadira, komanso Yesaya 60, pamene pali ngamira, golide ndi lubani. Nyimbo ya We Three Kings, imene analemba John Henry Hopkins ku America mu 1857, inatsata mwambo umenewo. Ndiye apa nyimbo yawonjezera ndiwo, ndipo mwana muzimuuza poyera. Chinanso, Mateyu 2:11 amati analowa m'nyumba, osati m'khola. Ife pa sewero timaunjika onse pamodzi, abusa, anzeru, ng'ombe, bulu, ngati minibasi ya ku Area 25 madzulo. Ng'ombe ndi bulu amenewonso Luka sanawatchule, iye anangotchula modyera ziweto. Anachokera kwa Yesaya 1:3, ng'ombe idziwa mwini wake, bulu adziwa modyera mwa mbuye wake, koma anthu anga sadziwa. Taonani, ngakhale kabulu kamene amasewera mdzukulu wanu atafunda chiguduli kali ndi ulaliki wake, ndipo ukubaya ife. Mwakhutira achimwene? Mwagwedeza mutu, sindikudziwa ngati nkuvomera.

Koma kuti ndisakhale wokondera, zilipo zina zimene ukazifunsa kwawo zimasowa chonena. Ndiulule tchimo langa. Ndili mphunzitsi wachinyamata ndinaphunzitsa ana Jingle Bells zaka zingapo, mpaka kuimbitsa pamaso pa mpingo, ine patsogolo ndi kamtengo, thukuta kamukamu. Ndinkayesa ndi mabelu a tchalitchi. Tsiku lina mwana anandifunsa tanthauzo la liwu lina m'menemo, ndinamuuza kuti khala chete uziimba. Madzulo ndinakatsegula dikishonale. Abale, ndi nyimbo ya anthu okwera ngolo yotsetsereka pa chipale chofewa, hatchi ikukoka, timabelu tili pa hatchipo. Inatuluka ku America mu 1857, mulibe Yesu, ngakhale liwu loti Khrisimasi mulibe. Si yausatana ayi, ndi ya masewera basi, ngati zimene ana amaimba pa fulaye. Ilire m'mashopu mu Old Town, koma kuguwa ilibe mpando. Chimodzimodzi za nkhalamba ya ndevu zoyera ija, yovala chijasi chofiira Disembala wa kuno, kutentha konseku. Ndimaimvera chisoni.

Ndiye musataye zonse chifukwa cha imodzi, musamezenso zonse chifukwa zikukoma m'khutu. Ifunseni kwawo. Ija ya mudzi waung'ono wa Betelehemu, ya Phillips Brooks amene anakafikako yekha mu 1865, ikulozerani Mika 5:2. Ya Imanueli ikulozerani Yesaya 7:14.

Ndikuona amayi ayamba kumanga zitenje, ena maso ali kumwamba, zovala zili pachingwe, ndamva. Mwachangu ndiye. Mwana akabwera ndi nyimbo, alembe mawu ake papepala. Ikakhala ya Chingerezi, wa sekondale amasulire, musachite manyazi ngati ine. Mufunse kuti ikutamanda yani. Mupeze vesi, likakusowani bwerani nalo pepalalo kwa ine kapena kwa abusa. Mawu a pa WhatsApp opanda dzina musawatumize kwa wina musanatsegule Buku, ndipo inu a kawiri aja, ndikunena inu.

Ana onse Lachitatu 3 koloko, pompano, ngakhale kugwe mvula. Wosewera Yosefe abwere ndi mkanjo uja, anapita nawo kwawo chaka chatha. Mayi a Chigwirizano, tatitsekerani ndi pemphero lalifupi, yayamba kudontha.